MAGETSI ALI NDI MWINI WAKE: NDIFE



Tonse timawaona mapolo ndi mawaya a magetsi m'mbali mwa msewu wochokera ku Chitakale kupita ku Muloza. Kodi mwini wake ndani? Ambiri timayankha kuti ndi a boma, ndipo tikatero timayesa kuti alibe mwini. Maganizo amenewa ndiwo akutipweteka.

Kampani ya boma ndi yathu

ESCOM ndi kampani ya boma, ndiye kuti ndi chuma cha Amalawi tonse. Kuyambira chaka cha 2017 ntchito ya magetsi inagawidwa pawiri. Kampani ina ya boma, EGENCO, ndiyo imapanga magetsi, makamaka pa mtsinje wa Shire ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. ESCOM imawagula ndi kuwafikitsa kwa ife. Ndalama zokokera magetsi kumidzi, kudzera mu ndondomeko ya MAREP, zina zimachokera pa msonkho wa mafuta a galimoto. Choncho ngakhale mayi amene amawunikira koloboyi, akakwera minibasi amasonkhako.

Tikawasowa timavutika tonse

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo dziko lonse linakhala m'mavuto a kuzimazima kwa magetsi kopitirira chaka. Zigayo zinkaima, owotcherera zitsulo ankasowa ntchito. Limeneli linali tsoka la chilengedwe. Koma pali tsoka lina lodzipangira tokha: kuba mafuta ndi mawaya a m'thiransifoma. Wakuba amapindula usiku umodzi, pamene mayi woyembekezera amachirira mumdima ndipo katemera wa ana amaonongeka m'firiji.

Phunziro la ku Bondo

Kuno kwathu ku Bondo, bungwe la MEGA limapanga magetsi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya ndi kuwagawa kunyumba, kusukulu ndi kuchipatala. Kumeneko nkhani njoonekeratu: mitengo ya m'phiri la Mulanje ikatha, mtsinje uphwa, ndipo magetsi athera pomwepo.

Ufulu ndi udindo wathu

Mpingo umatiphunzitsa kulemekeza ubwino wa anthu onse. Popeza ndife eni ake, tili ndi ufulu wofunsa khansala ndi phungu wathu chifukwa chimene mudzi wina uli ndi magetsi pamene wina ulibe. Ngati dandaulo lathu silinamveke ku ESCOM, tingathe kulitengera ku MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu. Koma tilinso ndi udindo: kulipira magetsi moona, kukana kupereka ziphuphu kuti atilumikizire msanga, kukana kulumikiza mwakuba, ndi kukanena kupolisi oononga mathiransifoma ngakhale atakhala abale athu. Paja mutu umodzi susenza denga.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Kodi thiransifoma ya kwathu amaiyang'anira ndani usiku?
2. Kodi ogula mawaya obedwa ndi osalakwa?
3. Tichitepo chiyani mwezi uno?