KUWERUZA TINYUMBA NDI TIMILATHO TOPANGA NDI MANJA

Nkhani yathu lero iri ya zinthu zing'onozing'ono, ndizo tinyumba, timilatho ndi tinkhokwe timene ana ndi akulu omwe amapanga ndi manja ao pofanizira zinthu zazikulu. Ndipo tifuna kuona m'mene munthu ayenera kuweruzira zinthuzi zikaikidwa pa mpikisano. Kapena wina ati, "Ha, izi nza ana!" Koma taimani, mumve kaye. Ambiri a inu mukapita kwanu kukapumula mumaitanidwa kukaweruza pa cionetsero ca pa sukulu, pakuti anthu ayesa kuti munthu wa ku migodi adziwa za makina. Mphotho imene mupereka tsiku limenelo iri ndi mphamvu yakulimbitsa mwana pa luso la manja ace, kapena yakumtayitsa mtima.

Tiyambe ndi ku cigwa ca Luangwa, m'boma la Mambwe, dziko la Akunda, kwa mafumu Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Mnkhanya, Malama ndi Msoro. Mwana wa m'cigwamo ndi mmisiri kuyambira ali wamng'ono. Ndi waya apinda galimoto wa alendo oona nyama, wa mipando yokwera pambuyo. Ndi mapesi apanga ndege zimene aziona zirikutera ku Mfuwe. Ndi dothi ndi timitengo amanga mlatho, nkhokwe, kapena cilindo ca m'munda. Zina mwa izi zimafika pa zionetsero za alimi, ndi pa mipikisano ya JETS, bungwe la ana a sukulu okonda sayansi ndi umisiri, limene linayamba m'dziko muno m'caka ca 1968. Bvuto liri apa: amisiri tiri nao, koma oweruza kawirikawiri alibe muyeso wina koma maso okha. Cinthu conyezimira cipambana, ndipo comangidwa bwino cibwerera kumudzi osachulidwa.

Tsono timve m'mene anzathu a maiko ena anakonzera bvuto lomweli. Ku Europe ndi ku America kuli anthu acikulire, ena a imvi, amene pa nthawi yao yopumula amanga njanji zazing'ono pa matebulo m'nyumba zao. Sapanga sitima zokha iai, koma amanganso masiteshoni, milatho, mathanki a madzi ndi nyumba za m'mbali mwa njanji. M'caka ca 1935, mu mzinda wa Milwaukee, anthu otere anayambitsa bungwe lochedwa National Model Railroad Association, ndipo bungweli liri ndi malamulo ace oweruzira mipikisano. Malikisi onse ali 125, ndipo awagawa pasanu. Kamangidwe kalandira 40. Kufanana ndi cinthu cenicenico, 25. Maonekedwe a kunja, ndiwo utoto ndi malembo, 25. Tizinthu tating'ono toonjezera, 20. Ndipo kuti munthu wadzipangira yekha osagula, 15. Cinthu ciri conse cimene cafika malikisi 87 ndi theka cilandira ulemu wace, ngakhale pakhale cina cociposa.

M'boma la Mambwe mulibe njanji. Yapafupi ndi ija ya ku Mchinji kufika ku Chipata, imene inatsegulidwa m'caka ca 2010, ndipo kucokera ku Mfuwe kukafika kumeneko pali mtunda wopitirira makilomita 100. Koma nzeru ya malamulo amenewa siiri ya njanji yokha. Nzeru yace ndi iyi: kanthu kakang'ono kaweruzidwe ndi cinthu cacikulu cimene kafanizira. Tiyeni titenge mbali zisanu zija imodziimodzi, tiziyese pa zinthu za kwathu.

Coyamba ndi kufanana, ndipo muzu wa kufanana ndi mlingo. Omanga njanji zazing'ono ali ndi milingo yodziwika. Wochuka koposa ndi umene aucha HO, m'mene cinthu ciri conse cicepetsedwa nthawi 87. Pa mlingo umenewu khomo la mamita 2 likhala la mamilimita 23 okha. Njanji zambiri za ku Europe ndi America ziri ndi mpata wa mamilimita 1,435 pakati pa zitsulo ziwiri, cotero pa tebulo mpatawo ukhala 16 ndi theka. Koma njanji yathu, imene inaoloka Zambezi pa mlatho wa Victoria Falls m'caka ca 1905 nifika ku Kabwe m'caka ca 1906, iri ndi mpata wa mamilimita 1,067, ndiwo mapazi 3 ndi theka; ndipo munthu wofanizira njanji ya kuno moona afunika mpata wa mamilimita ngati 12. Mwaona kuti woweruza wosadziwa njanji ya kwao sangazindikire kusiyanaku.

Mwana wa ku Msoro safunika mlingo wobvuta cotere. Akasankha kucepetsa nthawi 20, khomo la mamita 2 likhala masentimita 10, ndipo munthu wamkulu akhala masentimita 8 kapena 9. Cofunika ndi cakuti mlingo ukhale umodzi pa zonse. Mai woumba ndi dothi akapitirira denga la nyumba yace, kapena nkhuku ikalingana ndi mbuzi, mlingo waonongeka. Cifukwa cace woweruza asapite cimanjamanja. Atenge rula, kapena athyole kamtengo kolingana ndi kamunthu ka pa cifanizoco, nayese nako khomo, makwerero ndi mpando.

Caciwiri ndi kamangidwe, kamene kaposa mbali zonse pa malikisi. Inu a pansi pa mgodi mudziwa kuti denga la mwala saliyesa ndi maso okha. Aligogoda ndi citsulo, namvera kulira kwace. Momwemonso woweruza apemphe mwini cinthuco kuti abvundukule denga, ayang'ane m'kati ndi pansi. Nkhokwe yeniyeni ikhala pa miyala kapena pa mphanda, kuti cinyontho ndi ciswe zisafike ku cimanga. Tsono kankhokwe kokhala pa dothi penipeni kalephera, kangakongole bwanji. Onani ngati nsungwi zalukidwa mopingasa monga acita akulu, kapena zangomatidwa pa citini. Onani udzu: wofolera ayambira pansi kukwera pamwamba, kuti mzere wa pamwamba uphimbe wa pansi ndipo mvula itsetsereke. Mwana amene wafolera motero wayang'anitsitsa atate ace pa nchito. Pa mlatho funsani za madzi. Anthu a m'mbali mwa Lupande adziwa m'mene mtsinjewo usefukira pa dzinja. Mlatho wa mizati yaifupi, wosafika pamwamba pa gombe, ndi wa cilimwe cokha. Ikanipo kamwala mosamala, muone ngati upirira.

Pa mbali yomweyi oweruza a kunja aja ayang'ana zinthu ziwiri pamodzi: kubvuta kwa nchitoyo, ndi ubwino wa macitidwe ace. Kanyumba ka makoma anai a katoni kangakhale kaudongo, sikalingana ndi nkhokwe yozungulira yolukidwa ndi manja. Koma nayenso amene wayesa cinthu cobvuta nacicita mwaulesi asayembekeze malikisi onse.

Cacitatu ndi tizinthu toonjezera. Pa bwalo la mudzi tiyembekeza mtondo ndi munsi, thandala la mbale, mafuwa atatu pa moto. Pa cilindo ca m'munda wa m'cigwa, kumene njobvu zimatha cimanga usiku umodzi, tiyembekeza makwerero, malo a moto, ndi zitini zomangirira pa cingwe zoopsezera nyamazo. Koma kucuruka kokha sikupindula. Kanthu kali konse kakhale pa malo ace ndi pa nthawi yace. Thanki lalitali lothirira madzi m'sitima liyenera siteshoni ya masiku a sitima za malasha, zonga zija zisungidwa m'nyumba ya zakale za njanji ku Livingstone. Sitima ya dizilo siimwa madzi otero. Woweruza adzifunse kuti, "Kodi kanthu aka kali pano cifukwa kamapezeka pa malo otere, kapena mwini wace anangofuna kudzaza mpata?"

Cacinai ndi maonekedwe a kunja, ndipo apa ndi pamene ambiri tipunthwa. Akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Utoto wowala wa m'sitolo ubisa zolakwa zambiri, ndipo kawirikawiri unena bodza, pakuti zinthu zenizeni zimakalamba. Udzu wa caka catha ukhala wotuwa; pamwamba pa khomo la khichini pali mwaye; malata acita dzimbiri pa misomali; tsinde la khoma liri ndi zipsera za mvula. Amisiri a njanji zazing'ono amataya masiku kudetsa dala zinthu zao kuti zioneke zogwira nchito, ndipo oweruza awapatsa malikisi cifukwa ca ici. Cotero msungwana amene wazira kanyumba kace ndi dothi lakuda, nalemba makoma ndi dothi lofiira ndi loyera monga acita amace, wacita coposa amene wathira penti wa buluu pa nkhokwe. Ngati pali malembo, akhale oongoka, olembedwa bwino, ndi a msinkhu woyenera khomalo.

Cacisanu ndi kudzipangira wekha. Pano ndiganiza kuti ife tisatsate malikisi a ku America monga ali. Kumeneko masitolo adzala ndi zidutswa zopangiratu, mazenera, zitseko ndi magudumu, ndipo opikisana onse akhoza kugula. Ncifukwa cace malikisi 15 awakwanira. Kwathu sikuli tero. Mwana mmodzi ali ndi atsibweni ku Kitwe amene amtumizira magudumu a pulasitiki, timababu ndi mabatire. Mnzace ndi wamasiye, ali ndi mapesi, minga ndi luzi basi. Tikapereka mphotho kwa woyambayo cifukwa kanyumba kace kayaka magetsi, taweruza thumba la atsibweni, osati manja a mwana. Tsono mbali iyi tiikweze, kapena tipatule mipikisano iwiri, wina wa zogula ndi wina wa zotola. Ndipo wina asanyoze zotola. Ku Mfuwe kuli anthu amene adyetsa mabanja ao ndi luso la manja, ena polemba maluwa ndi nyama pa nsalu, ena popanga zibangiri ndi mikanda ndi waya wa misampha yocotsedwa m'chire.

Palinso manja a makolo. Tidziwa tonse kuti zinthu zina zobwera m'dzina la mwana zapangidwa ndi atate ace usiku. Musamcititse manyazi mwanayo pa gulu. Mfunseni modekha mafunso atatu: "Mwanawe, unayambira pati? Cinakubvuta koposa nciani? Ukati upangenso, usintha ciani?" Amene anagwira nchito yekha ayankha msanga, nakuonetsani ndi cala pamene panathyoka kawiri. Amene sanagwire ayang'ana kumene kwaima atate ace.

Tsopano mau pang'ono a oweruza eni ace. Mutu umodzi susenza denga. Akhale atatu, ndipo yense alembe malikisi ace payekha asanakambirane. Mwa atatuwo pasasowe munthu wa pamudzi wodziwa kumanga, nkhalamba yoluka nkhokwe kapena mai wodziwa kuzira, pakuti mphunzitsi ndi munthu wa ku migodi akhoza kudziwa rula osadziwa luzi. Pa zinthu zopikisana paikidwe manambala, malikisi a maso alembedwe maina asanadziwike, ndipo mafunso aja abwere pambuyo. Amene mwana wace kapena mphwace ali pa mpikisano apatuke, pakuti m'midzi yathu tonse ndife abale, ndipo kukondera kumodzi kupha mpikisano wa zaka zambiri. Malamulo alengezedwe ana asanayambe kumanga, kuti adziwe cimene cifunidwa. Ndipo titengere anzathu aja mwambo wao wabwino: pakhale muyeso umene ali yense woufika alandira ulemu. Pa ana 30, woyamba ndi mmodzi yekha, koma amisiri abwino akhoza kukhala 10.

Cotsiriza, woweruza asacoke osanena cifukwa. Mwana akangomva kuti walephera, saphunzira kanthu koma mkwiyo. Koma mukati, "Mizati yako yalimba, koma denga lacepa, mvula idzanyowetsa makoma," mwampatsa nchito ya caka ca mawa. M'mera mpoyamba. Amene lero aphunzira kuyesa khomo la masentimita 10 ndi yemweyo adzawerenga mapulani a nyumba yeniyeni, kapena kumanga mlatho umene ana a kwathu adzaolokerapo popita ku sukulu pa dzinja.

Cotero, abale anga a ku migodi ndi m'matauni, mukafuna kutumiza kanthu kwa mphwanu wa ku cigwa, musamgulire galimoto wopangiratu. Mtumizireni rula, kampeni, ndi kacitsulo kopindira waya. Ndipo akakukhazikani pa mpando wa oweruza, musafulumire kuloza conyezimira. Weramani, muyang'ane pansi pa nkhokwe.