MAINA AMENE ANTHU ANAPATSA INJINI ZA MOTO

 Lero tikambirana za injini za moto zimene zinkakoka sitima za pamtunda, ndi za maina amene anthu anazicha.

M'dziko la Asenga, kwa Kambombo, kwa Tembwe ndi kwa Chikwa, simunadutse njanji. Njanji inaoloka Zambezi pa mlatho wa Victoria Falls m'caka ca 1905, nifika ku Broken Hill, kumene lero tikuti Kabwe, mu 1906, ndipo mu 1909 inapyola Ndola kufikira malire a Congo. Njanji ya TAZARA, imene idzera ku Mpika kuseri kwa mapiri a Muchinga, inatha mu 1975, ndipo sitima zace zikokedwa ndi injini za dizilo. Motero mnyamata wa ku Chama wofuna ndalama za msonkho ankayenda pansi masiku ambiri asanaone utsi wa sitima, ndipo pobwerera kumudzi iye ndiye ankafotokozera anzace za cirombo cakudya malasha ndi kumwa madzi.

Eni njanji ankalemba injini zao ndi manambala, koma munthu wogwira nchito ndi cinthu tsiku ndi tsiku sakhutira ndi nambala. Inu nomwe mudziwa kuti Johannesburg tinamucha Joni, Salisbury tinkati Halale, ndipo dziko la migodi ya mkuwa tikuti Kopala. Anchito a pa njanji anacita cimodzimodzi.

Injini yochuka pa njanji yathu inali Garratt, dzina la Mngelezi Herbert Garratt amene anaiganiza. Cimphika cace ca nthunzi cinkalenjekeka pakati, madzi kutsogolo, malasha kumbuyo, ndipo mbali zonse ziwiri zinali ndi magudumu okoka. Cifukwa ca ici inkatha kukhota bwino ndi kukwera zitunda pa njanji yopapatiza. Pakati pa 1954 ndi 1958 kampani ya Beyer, Peacock ya ku Manchester inapangira Rhodesia Railways injini 61 za gulu la 20, zamphamvu koposa, zimene zinkakoka malasha a ku Wankie kupita kumpoto ndi mkuwa kupita kumwera.

Amene anagwira nchito ku Joni anamva maina ena. Mu 1925 kunafika injini zazikuru zocokera ku fakitale ya Baldwin ku America. Za gulu la 15C anazicha Big Bill, za gulu la 16D anazicha Big Bertha, monga mwamuna ndi mkazi a matupi akuru. Za gulu la 19D, zimene zinkayenda m'tinjanji ta kumidzi, anazicha Dolly. Mu 1981 David Wardale anakonzanso injini imodzi kuti idye malasha ocepa, naipaka utoto wofiira, ndipo kufikira lero ichedwa Red Devil, ndiko kuti mdierekezi wofiira. Ku America nako, mu 1941, wanchito wina wa m'fakitale analemba ndi coko mau akuti Big Boy pamphumi pa injini yatsopano ya Union Pacific, ndipo zonse 25 za mtundu umenewo zinatenga dzinalo.

Maina a ciAfrika analembedwa pa injini mocedwa. Ca m'ma 1980, mafuta atabvuta, a njanji ya Zimbabwe anakonzanso ma Garratt akale, napatsa a gulu la 15 maina a Cindebele a nyama ndi mbalame: Ubhejane ndiye cipembere, Inungu ndiye nungu, Isilwana ndiye mkango. Munthu wa m'cigwa ca Luangwa safuna womasulira kuti amve cifukwa cace injini yakuda, yolemera ndi yopuma mwaukali ichedwa cipembere. Kwathu kuno ku Livingstone kuli injini nambala 156, imene inakalamba pa njanji ya matabwa ya ku Mulobezi, ndipo idziwika ndi dzina lakuti Princess of Mulobezi.

Tsono taonani cinthu cimodzi. Maina ambiri osungidwa m'mabuku ali m'Cingelezi, pakuti m'masiku a atsamunda nchito yoyendetsa injini inali ya Azungu. Anthu akuda ndiwo ankasenza malasha, kuola phulusa, kupukuta zitsulo ndi kukonza njanji padzuwa, pa malipiro ocepa. Mu October 1945 iwo analeka nchito ku Bulawayo, sitalaka nifalikira kufikira ku Broken Hill, ndipo eni njanji anaona kuti popanda manja amenewa injini siyenda. Zimene anthu amenewa ankakamba za injinizo, ndi maina amene ankaitana nao m'zinenero zathu, zatsala m'kamwa mwa akuluakulu okha, ndipo akuluakuluwo alinkutha.

Cifukwa cace ndikupemphani, inu a ku Kitwe, ku Mufulira, ku Kabwe ndi ku Lusaka: mukapita ku chuti ku Chama, khalani pansi ndi agogo amene anakwera sitima ya malasha. Afunseni kuti injini ija ankaicha ciani, ndipo cifukwa ninji. Lembani m'buku, musunge, kuti adzukulu anu adzadziwe kuti makolo ao anaidziwa njanji ndi manja ao.

Tsalani bwino.