Madzi m'Matayala a Thirakitala

Dera la Lizulu m'boma la Ntcheu, kumene mseu waukulu wa M1 umayenda m'malire a Malawi ndi Mozambique, nlotchuka ndi mbatata ya kachewere, kabichi ndi matimati. Achikumbi ambiri kumeneko amalima ndi khasu kapena ng'ombe, ndipo thirakitala ikapezeka imazungulira minda ya anthu ambiri, ina ya pa malo otsetsereka. Matayala ake akamangopalasa dothi m'malo mopita patsogolo, dizilo amathera pachabe, matayalawo amadyeka, ndipo mvula yoyamba imapeza minda ina isanagaulidwe. Mankhwala a vutoli nthawi zambiri ali pachitsime pomwepo, ndiwo madzi.

Mathirakitala akale anali ndi mawilo achitsulo okhala ndi mano. Mu 1932 kampani ya Allis-Chalmers ku America idayamba kugulitsa thirakitala ya matayala opopa, ndipo alimi adaona kuti tayala lotere limagwira nthaka pokhapokha likalemedwa. Nchifukwa chake ena amamangirira zitsulo ku mawilo, pamene ena amathira madzi m'matayala a m'mbuyo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Tayala lolembedwa 12.4-28 limalowa malita pafupifupi 130, kotero kuti matayala awiri amawonjezera makilogalamu 260, kulemera koposa matumba asanu a chimanga. Popeza madzi ochuluka amakhala m'munsi mwa tayala, amathandizanso kuti thirakitala isamapendekeke msanga pa mtsetse, ngakhale kuti sachotsa ngozi kwa woyendetsa wosasamala.

Mwini thirakitala asanatunge madzi ayenera kuyamba wayesa. Alembe chizindikiro pa tayala ndi choko, alowetse pulawo m'nthaka, ndipo mnzake akhome chikhomo poyambira ndi china pamene tayala lazungulira kakhumi. Kenaka atukule pulawo ndi kuyendanso mtunda womwewo, akuwerenga. Tayala likazungulira kasanu ndi kanayi, ndiye kuti kuterereka kuli pa 10 mwa 100, ndipo thirakitala yokoka ndi matayala a m'mbuyo imagwira bwino ntchito pakati pa 10 ndi 15. Likazungulira kasanu ndi katatu kokha, kapena kuchepera apo, thirakitala yapepuka ndipo ikufuna madzi. Mapazi ake amanenanso zoona: akafufutika onse, yapepuka, akaoneka bwinobwino osasweka konse, yalemera kopitirira.

Ntchito yothira madzi ichitikire pa malo athyathyathya ndi olimba. Mawilo ena atsekedwe ndi miyala, lofunikalo litukulidwe ndi jeke, ndipo pansi pa thirakitala paikidwe zipika zolimba, pakuti jeke payekha ngwosadalirika. Tayala lizunguzidwe kufikira vavu itakhala pamwamba penipeni. Kachitsulo ka m'kati mwa vavu kachotsedwe kuti mpweya utuluke, ndipo paipi ilumikizidwe pa vavupo. Kumene kulibe mpopi, mgolo woikidwa pamalo okwera umatsitsa madzi wokha, ngakhale pang'onopang'ono. Paipi izichotsedwa kawirikawiri kuti mpweya wopanikizika utuluke. Madzi akayamba kubwerera pa vavu, ndiye kuti adzaza magawo atatu mwa anayi a tayala, ndipo pamenepo mpolekezera. Gawo lotsalalo ndi la mpweya. Madzi sapanikizika, choncho tayala lodzaza thothotho limauma ngati mwala, ndipo likagunda chitsa limatha kung'ambika. Pomaliza kachitsulo kaja kabwezedwe, tayala lipopedwe monga likunenera buku la thirakitalayo, ndipo tayala linzake lilandire madzi ofanana.

Ku Ulaya ndi ku America alimi amasakaniza madzi ndi mankhwala monga calcium chloride kuti asaundane m'nyengo ya chisanu. Ku Lizulu kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi, koma sikufika pa kuzizira kwa maiko amenewo, choncho madzi oyera ngokwanira. Mchere usathiridwemo, chifukwa chubu ikaboola madzi amchere amadya chitsulo cha wilo ndi dzimbiri.

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Thirakitala yolemera imatsendereza nthaka yonyowa, madzi amvula nkumalephera kulowa pansi, ndipo kachewere sakula bwino m'dothi logwirana. Pa mseu wa tala, pokoka ngolo ya kabichi kunka kumsika, kulemerako kumangomwa dizilo ndi kutopetsa mabuleki pa chitsikire. Tsono kugaula kukatha, ndipo ntchito zotsala zikakhala zopepuka, vavu izunguzidwe kukhala pansi ndipo madzi atayidwe. Mchikumbi amene akukayika za muyeso wa tayala lake afunse mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake kapena makaniko wodziwa mathirakitala, nyengo ya kugaula isanafike.