Kupempherera wosochera si kumumanga chingwe



Lero tiyeni tithandizane pa funso limene likuwawa m'mitima ya ambiri. Wina akuti, mwana wanga anasiya tchalitchi. Wina akuti, amuna anga akawoloka ku Muloza ndi chimanga pa njinga, ndalama yonse imathera ku mowa pa Limbuli. Ndapemphera zaka ndi zaka, nanga Mulungu bwanji osangowagwira dzanja n'kuwabweza?

Abale anga, yankho lake ndi lowawa koma ndi loona. Mulungu anapatsa munthu ufulu wosankha. Munthu si mbuzi yoti n'kuikoka ndi chingwe kupita nayo kukhola. Werengani Luka 15:11-32. Bambo uja anam'patsa mwana chuma chake n'kumulola kupita. Sanatume antchito kuti akam'gwire. Mwanayo anaganiza yekha zobwerera, njala itam'phunzitsa. Koma taonani, bamboyo anamuona akadali patali. Ndiye kuti maso ake sanachoke kumsewu.

Tamvaninso za mayi wina wa muno mu Africa, Monica, wa kudera limene lero ndi Algeria. Mwana wake Augustine anakana chikhulupiriro cha mayi ake, ndipo mu 383 anawanamiza n'kukwera chombo kupita ku Rome. Monica analira, anapemphera, kenaka anam'tsatira, koma sanathe kumusankhira. Augustine anabatizidwa mu 387 ndi bishopu Ambrose mumzinda wa Milan, ali ndi zaka zoposa 30. Chaka chomwecho Monica anamwalira, osaona kuti mwana wake adzakhala bishopu wa ku Hippo. Kuona maso a nkhono n'kudekha ndithu.

Ifenso a ku Milange kudikira timakudziwa. Nthawi ya nkhondo ambiri anathawira ku Mulanje, ana ena anatengedwa kupita kutchire. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anthu anayamba kubwerera. Asilikali atatula zida mu 1994, mabanja ambiri analandira ana awo posayang'ana kuti anali mbali iti. Mtima umenewo ndi umene tikuufunanso lero m'nyumba mwathu.

Tsono tichite chiyani? Choyamba, m'tchuleni dzina pamaso pa Mulungu tsiku ndi tsiku, ndipo mudzipemphererenso nokha kuti mkwiyo usakudyeni. Chachiwiri, musapite kwa sing'anga kukafuna mankhwala okokera munthu. Chimene Mulungu sakakamiza, ife tingachikakamize ndi mizu? Chachitatu, musamuyalutse pagulu, kaya kumphakati kaya pa moni wa pawailesi. Muuzeni chilungamo muli awiri, ndipo akabwera nsima aipeze.

Koma tisanamizane. Kupemphera si kubisa nkhanza ayi. Ngati akukumenyani kapena akugulitsa chakudya cha ana, kauzeni ankhoswe, amfumu kapena apolisi, uku mukum'pempherera.

Ena adzabwerera ife tikuona, ena mwina titapita kale. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa. Ntchito yathu ndi kusatseka khwawalo. Kusankha n'kwa mwini wake, ndipo kukhudza mtima n'kwa Mulungu.

Kakambiraneni m'makalabu mwanu sabata ino, ndipo mutilembere maganizo anu.