Chamuna ndi Chikazi: Kodi Nsikelo Imodzi?

Pa gombe la ku Nkhudzi, m'boma la Mangochi, ntchito zinagaŵidwa kalekale. Amuna amaloŵa panyanja usiku kukakoka chilimira, ndipo kukacha akazi amayanika usipa pathandala. Ku jando mnyamata amalangizidwa kulimba mtima, pamene ku nsondo mtsikana amalangizidwa ulemu ndi kudekha. Kodi makhalidwe aŵiriŵa sangakhale mwa munthu mmodzi?

Akatswiri ofufuza maganizo a anthu analimbana nalo funso limeneli. M'chaka cha 1936, Lewis Terman ndi Catharine Cox Miles a ku America anakonza mafunso oyesera chamuna ndi chikazi monga pa sikelo: mbali ina ikalemera, inzake iyenera kupepuka. Ganizoli linakhala zaka zambiri, kufikira Anne Constantinople analitsutsa mu 1973.

Mu 1974, Sandra Bem anatulutsa mndandanda wa makhalidwe 60: okwana 20 otchedwa achimuna, 20 achikazi, ndi 20 a aliyense. Poyesa mbali ziŵirizo payokhapayokha, anapeza kuti anthu ena ali nazo zonse mokwanira.

Kunyanja zimenezi si zachilendo. Mai amene salola wogula kumpondereza pa mtengo wa nsomba ndi yemweyo amatonthoza khanda kumbuyo. Mwini mbumba amene amalimbana ndi mwera panyanja ndi yemweyo amasamala ana a mlongo wake.

Tsono makolo asamnyoze mnyamata wachifundo, kapena kumletsa mtsikana wolimba mtima. Mudzi umafuna zonse ziŵiri.