CILANGIZO KWA ANYAMATA A MPIRA

(Mau amene Mbusa analankhula kwa mpingo ndi kwa aphunzitsi a m'midzi ku Bolero, m'boma la Rumphi.)

Abale ndi alongo okondedwa, ndi inu aphunzitsi amene mwacokera ku Mhuju, ku Hewe ndi ku mapiri a Phoka, lero ndifuna kunena za mpira. Ndiona akuru ena alikuyang'anana, monga ngati afunsa, Kodi mpira ulowa bwanji m'nyumba muno? Ulowa cifukwa ana athu alowamo. Pakati pathu pakhala anyamata awiri amene aitanidwa ku Mzuzu kukayesedwa m'timu yaikuru, ndipo akapambana, mpira udzakhala khasu lao. Kale unali masewera a madzulo, ana atabwera kobusa ng'ombe. Tsopano uli nchito ya malipiro. Ife tinaciona ici ndi maso m'caka ca 2022, pamene Rumphi United inalowa m'Super League, nisewera ndi matimu a ku Blantyre ndi a ku Lilongwe. Inatsikanso caka comweco, koma ana athu anaona kuti njira iripo. Cifukwa cace tiyenera kuwalangiza asanapite, pakuti wakutsina khutu ndiye mnansi.

Koma malangizo sali onse abwino. Mverani ici. Ku America kuli mpira wina umene osewera ace aunyamula m'manja, ndipo gulu lace lalikuru lichedwa NFL. Gulu limeneli linali kusonkhanitsa anyamata atsopano caka ndi caka, kuti akuru awaphunzitse za ndarama, za akazi, za mowa ndi za malamulo, popeza ambiri a iwo anali kugwa m'mirandu atangolemera. M'caka ca 2014 anaitana munthu womveka, dzina lace Cris Carter, amene anasewera zaka zambiri. Iyeyu anauza anyamatawo kuti yense wokhala nalo khamu la abwenzi asunge mmodzi wa iwo wakumsenzera mlandu, kuti apolisi akadza, ameneyo alowe m'ndende m'malo mwace. Mau awa anamveka ponse m'caka ca 2015. Anthu anakwiya, a NFL anawakana, ndipo mwini waceyo anapepesa.

Tisamseke munthu uyu, abale, pakuti nzeru yaceyo iri m'midzi mwathu momwe. Mnyamata wochuka akamenya munthu kumowa, timva akuru alikunong'onezana, Tiyeni timbise, Loweruka kuli mpira. Akapatsa mtsikana pathupi, afuna mbale wace wosauka kuti abvomere. Ndinena kwa inu anyamata kuti nzeru imeneyi ndiyo mbuna yophimbidwa ndi udzu. Wosenza mlandu wanuyo ali naye amace amene adzalira monga akadalira amanu. Ndiponso taonani: munthu wodziwa coipa canu cobisika asanduka mbuye wanu. Lero akusenzerani, mawa adzafuna malipiro, mkuja adzakugulitsani.

Ndiri nao umboni wa ici. Kumpoto kwa dziko la Ulaya kuli dziko la Finland, ndipo kumpoto kwace kwa dzikolo kuli mzinda wa Rovaniemi, kozizira koposa pamwamba pa Nyika mwezi wa June. Kumeneko kunali anyamata a ku Zambia, anansi athu a tsidya la malire, osewera m'timu yochedwa RoPS. Anali kutari ndi kwao, pakati pa anthu a cinenero cacilendo. Ndipo anadza kwa iwo munthu wa ku Singapore, Wilson Raj Perumal, amene nchito yace inali kugula osewera kuti mpira uthe monga afunira anthu a juga. Anawapatsa ndarama, nazilandira. M'caka ca 2011 munthuyu anagwidwa, ndipo bwalo la mirandu linamlamula zaka 2 m'ndende. Osewera 9 anatsutsidwa naye pamodzi, 7 a ku Zambia ndi 2 a ku Georgia. Iwowa sanatsekeredwe, koma anacotsedwa nchito ndi kuletsedwa mpira. Ndipo iye amene anali mwini cinsinsi, pokhala m'manja mwa apolisi, anaulula zambiri za anzace.

Mwina mudzati, Izo nza kutari. Iai, zinafika kwathu kuno. Ndani wa inu waiwala tsiku la 11 January 2010, pamene Flames, Kinnah Phiri ali mphunzitsi wao, inagonjetsa Algeria zigoli 3 kwa 0 ku Luanda, m'dziko la Angola? Tinapfuula pa wailesi kufikira mau anatha. M'gulu limene linapita ku Angola munali Hellings Mwakasungula. Koma mwezi wa April 2019 bungwe la FIFA, lolamulira mpira pa dziko lonse, litafufuza za mipira imene Perumal yemwe uja anayesa kugula, linamletsa iye ndi ena a maiko ena kukhudza za mpira moyo wao wonse. Sindichula dzina ili kuti ndimnyoze, pakuti sindiri woweruza wace. Ndilichula ndi cisoni, kuti mudziwe kuti msampha uwu sukola opusa okha. Ukola ndi iwo amene anabvala malaya a dziko lathu, amene tinawaombera m'manja.

Nanga msamphawo uchedwa bwanji? Munthu wotere sadza ndi nkhope ya mbala. Adza monga bwenzi, pa nthawi imene malipiro anu acedwa ndipo mwini nyumba alikugogoda pakhomo. Akugulirani nsapato, akutumizirani kandarama pa foni, osapempha kanthu. Papita miyezi, napempha kanthu kakang'ono: Mpira uno mugonja kale, lolani cigoli cimodzi cokha. Mukalola, watha kupempha, ayamba kulamula, pakuti asunga mau anu onse pa foni yace. Akuru anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono mverani, ana anga, malangizo amene ndifuna kuti munyamule pamodzi ndi nsapato zanu.

Loyamba: kanani mphatso yoyamba. Kukana yaciwiri nkobvuta, kukana yacitatu sikutheka. Munthu wosakhala mbale wanu kapena mwini nchito wanu akakupatsani ndarama cabe, mfunseni, Nza ciani? Musabechenso pa mpira, ngakhale muona nyumba za juga pa malonda ponse. Zoterezi nzoletsedwa kwa wosewera.

Laciwiri: ululani. Wina akakunyengani kuti mugulitse mpira, sikukwanira kungomkana. Malamulo a FIFA alanga ndi iye amene anakana koma nakhala cete. Kauzeni akuru a timu, kapena a bungwe la mpira la dziko lathu, tsiku lomwelo. Musacite manyazi kuti adzakuyesani kazitape. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Lacitatu: sankhani oyenda nao. Malipiro oyamba akafika mudzaona abwenzi amene simunawaone pamene munali kusewera mpira wa nsanza pa bwalo la sukulu. Mirandu yambiri ibadwa usiku: ndeu ya kumowa, galimoto woyendetsedwa ndi woledzera, camba copezeka m'thumba la mnzanu m'cipinda canu. Musanyengedwe ndi onena kuti camba cinaloledwa m'caka ca 2020. Cimene cinaloledwa ndico ca mankhwala ndi ca mafakitale, kwa iwo okhala naco cilolezo. Wosuta agwidwabe. Bwenzi leni leni ndiye amene akugwirani dzanja usiku usanakule, nati, Tiyeni kwathu.

Lacinai: lemekezani ana akazi a eni ace. Kuyambira caka ca 2017 malamulo akuru a dziko lathu anena kuti yense wosafika zaka 18 ali mwana. Mtsikana wa sukulu akakutsatani cifukwa anamva dzina lanu pa wailesi, ali mwanabe, ndipo woweruza sadzafunsa kuti munamwetsa zigoli zingati.

Lacisanu: musalembe dzina lanu pa kalata ya pangano imene simunaiwerenge. Ngati Cingelezi cace cikulemerani, mubwere nayo kwa mphunzitsi wanu wakale, kapena kwa munthu wodziwa malamulo. Safunsa anadya phula.

Ndipo mukalakwa, pakuti munthu alakwa, senzani mlandu wanu nokha. Imani pa bwalo ndi kunena, Ndine. Cilango ca wobvomera ciri ndi malekezero ace, koma wobisala aopa mgugu wa mapazi masiku onse.

Tsopano nditembenukira kwa inu aphunzitsi, ndipo ndiyamba ndi kudzitsutsa ndekha. Ndisanapite ku sukulu ya ubusa ndinali mphunzitsi monga inu. Tsiku lina tinali nao mpira ndi sukulu ina, ndipo ndinatenga mnyamata wamkuru wa m'mudzi, wosalembedwa m'sukulu mwathu, ndi kumpatsa dzina la mwana wina. Tinapambana, ndipo mudzi wonse unabvina. Koma ana 11 anaphunzira kwa ine tsiku lomwelo kuti bodza liloledwa ngati libala cigoli, ndipo phunziro limenelo analigwira koposa masamu onse amene ndinawaphunzitsa. Mmodzi wa iwo anandikumbutsa atakula, alikuseka, ine sindinaseke. Inu amene mucepetsa zaka za ana pa kaundula wa masewera, dziwani kuti mulimira munda Perumal wina wa mtsogolo. Iye adzangokolola. Nkwabwino kugonja 5 kwa 0 ndi ana anu eni eni.

Ndi inu akubala, ndiri nao mau pang'ono. Mwana akapita, musamyese nkhokwe yosatha. Matimu ena acedwa kulipira, ndipo moyo wa m'tauni udya ndarama. Mukamtumira mau sabata ndi sabata, lero feteleza, mawa malata, mkuja fizi ya mng'ono wace, mumkankhira kwa munthu wa mphatso uja ndi manja anu omwe. Pomuimbira foni musafunse za ndarama zokha. Mumfunse kumene agona, ndi amene adya nao. Ndipo akabwera wopanda kanthu, koma wopanda mlandu, mumphere nkhuku.

Ana anga awiri, imirirani kuti mpingo ukuoneni. Mpira ndiwo nchito ya zaka zowerengeka. Bondo limodzi likathyoka, watha. Pamenepo mudzabwera kuno ku Nkhamanga, kudzakwatira, kudzalima, kapena kudzaphunzitsa ana a abale anu kusewera. Cimene mudzabwera naco cotsala ndico dzina lanu. Pitani, thamangani ndi mphamvu yanu yonse, mwetsani zigoli kuti ife tipfuule pa wailesi. Koma mubwere nalo dzinalo loyera monga talipereka m'manja mwanu lero. Mulungu akusungeni pa njira.