BOMA LIMAYANKHA KWA YANI?

Mawu olankhulidwa pa msonkhano wa nthambi za Chipani ku Chiosya, m'boma la Mchinji



Feteleza akachedwa kufika, mlimi wa ku Chiosya amati Boma lachedwa. Mankhwala akasowa pa chipatala, mayi wobereka mwana kumsana amati Boma laiwala anthu. Mawuwa si onama, koma ndi aakulu koposa, kotero kuti sagwira munthu aliyense pa dzanja. Boma si munthu mmodzi woti nkumupeza atakhala pa khonde. Ndi anthu zikwizikwi, aliyense ndi mpando wake, ntchito yake, ndiponso wamkulu wake amene ayenera kumufunsa. Wodandaula amene sadziwa mpando umene walakwa afanana ndi mlenje woponya mivi m'tchire monse popanda kuona nyama.

Chitsanzo chapafupi ndi mlangizi amene amayendera minda ya mtedza, soya ndi fodya pa njinga yake. Iyeyu ali pansi pa mkulu wa alangizi pa EPA ya Chiosya. Mkuluyo amapereka malipoti kwa mkulu wa zaulimi wa boma la Mchinji, amene amagwira ntchito pansi pa Bwanamkubwa ndi khonsolo. Pa nkhani za luso la ulimi njirayo imadzera ku Kasungu, pakuti Mchinji ili m'chigawo cha Kasungu ADD, ndipo kuchokera kumeneko imakafika ku Unduna wa Zamalimidwe pa Capital Hill mu Lilongwe, kumene likulu la dziko linasamukira kuchoka ku Zomba mu 1975. Mphunzitsi ali ndi njira yake yotere, namwino ali ndi yake, wa kasitomu wa pa chipata cha ku Zambia nayenso ali ndi yake.

Pamutu pa Unduna uliwonse pamakhala anthu awiri amene ambiri amawasokoneza. Woyamba ndi Nduna, munthu wandale wosankhidwa ndi Mtsogoleri wa Dziko. Iye amaloza kumene Unduna uyenera kupita, amayankha mafunso m'Nyumba ya Malamulo, ndipo tsiku lililonse angathe kuchotsedwa. Wachiwiri ndi Mlembi Wamkulu, amene ndi wantchito wa Boma. Lamulo limamuyesa iyeyu mlonda wa ndalama zonse zimene Nyumba ya Malamulo yapereka ku Undunawo. Tambala ikasowa, woyamba kufunsidwa ndi iye. Pamwamba pa alembi onsewa pali Mlembi Wamkulu wa mu Ofesi ya Pulezidenti ndi Nduna, amene ndiye mutu wa onse ogwira ntchito m'Boma. Kulemba anthu ntchito, kuwakweza ndi kuwalanga ndi udindo wa bungwe la Civil Service Commission, pamene aphunzitsi, a zaumoyo ndi apolisi ali ndi mabungwe awoawo otere.

Kusiyanitsa mipando iwiriyi kuli ndi chifukwa chake. Zipani zimasinthana pa ulamuliro, monga zinachitikira mu 1994, mu 2014, mu 2020 ndi mu 2025, koma namwino sasintha chifukwa cha chisankho, ndipo dona wodwala malungo safunsidwa khadi asanalandire jakisoni. Gawo 193 la Malamulo Aakulu a dziko lino limaletsa Boma kapena chipani chilichonse kugwiritsa ntchito wantchito wa Boma pofuna kukweza chipani china kapena kugwetsa chinzake.

Apa pali mawu owawa pang'ono kwa a Chipani eni ake, ndipo paja wakutsina khutu ndi mnansi. Wapampando wa nthambi amene amapita kwa mlangizi madzulo, namunong'oneza kuti pa mndandanda wa olandira feteleza wotsika mtengo alowetsepo mlamu wake, sakutumikira Chipani. Akuphunzitsa mlangiziyo kuti mndandanda ndi chinthu chotheka kukhotetsedwa, ndipo mawa adzaukhotetsera wina amene wabwera ndi nkhuku. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene lero yafika m'maboma onse, inayesedwa koyamba m'boma lino la Mchinji mu 2006. Cholinga chake chinali nkhalamba yolera adzukulu amasiye, ndi banja limene mulibe wotha kugwira khasu. Dzina limodzi lolowetsedwa mwachinyengo ndiye kuti nkhalamba imodzi yafufutidwa, ndipo nkhalambayo ili ndi mudzi wake, ili ndi abale ake amene amaponya voti.

Akuluakulu amene anaona nthawi ya Dr. Kamuzu Banda amasimba kuti wantchito wa Boma ankafika pa ofesi nthawi yake, atavala mwaulemu, ndipo kalata inkayankhidwa. Zimenezi n'zoona, ndipo mwambo wotere ngwofunika kuubwezeretsa. Komabe mantha a nthawi imeneyo ankachokera kumwamba kokha. Munthu wamba wolakwiridwa ndi ofesi analibe khomo lodalirika logogodapo. Malamulo Aakulu a mu 1994 anatembenuza chinthuchi. Gawo 12 limati mphamvu zonse za ulamuliro zimachokera kwa anthu, ndipo wozigwira anangosungitsidwa. Wosungitsidwa mbuzi sanena kuti mbuzi imadya pamene yamangiriridwa. Amayembekeza tsiku limene mwini wake adzabwere kudzawerenga khola.

Owerenga kholawo alipo. Nyumba ya Malamulo imavomereza bajeti, Unduna wa Zachuma umatulutsa ndalamazo, ndipo chaka chikatha Auditor General, mkulu wolondoloza chuma cha Boma, amatsegula mabuku ndi kupereka lipoti lake kwa aphungu. Komiti ya aphungu ya Public Accounts, imene mwa chizolowezi imatsogozedwa ndi phungu wa mbali yotsutsa, imaitana Alembi Aakulu kuti adzafotokoze pamaso pa anthu. Mu 2003 kunakhazikitsidwa malamulo atatu okhwimitsa kasungidwe ka chuma cha Boma, kafufuzidwe ka mabuku ndi kagulidwe ka katundu.

Patangopita zaka 10 malamulo amenewa ali m'mabuku, dziko linagwidwa ndi manyazi. Pa 13 Sepitembala 2013 mkulu woyang'anira bajeti, a Paul Mphwiyo, anawomberedwa pakhomo pawo mu Lilongwe, ndipo m'masabata amenewo ndalama zankhaninkhani zinayamba kupezeka m'magalimoto ndi m'nyumba za antchito a Boma. Nkhaniyi inatchedwa Cashgate. Machitidwe ake anali osavuta: pa makina a kompyuta olipirira, otchedwa IFMIS, ankalemba macheke opita ku makampani amene sanagulitse Boma ngakhale msomali umodzi, ndipo ndalama zikatuluka ankafufuta zolembazo. Akatswiri a kampani ya ku Britain ya Baker Tilly anapeza kuti m'miyezi 6 yokha ndalama zoposa K13 biliyoni zinali zitapita. Mayiko othandiza anaimitsa thandizo lawo la ku bajeti, ndipo amene analipira anali wodwala wa kumudzi. Mu 2014 yemwe anali Mlembi Wamkulu wa Unduna wa Zokopa Alendo analamulidwa kukakhala kundende zaka 3. Mlonda weniweni wa ndalama ndiye anali atatsegula nkhokwe.

Nkhani ya mathirakitala imakhudza mlimi kwambiri. Boma linakongola 50 miliyoni ya madola a ku America ku dziko la India, ndipo mwa zina linagula mathirakitala 177 ndi makina otongolera chimanga 144, ponena kuti alimi ang'onoang'ono apumule ku khasu. Ambiri a makinawo anagulitsidwa motsika mtengo kwa anthu a maudindo, pamene ngongole inatsalira mtundu wonse. Madandaulo anafika ku ofesi ya Ombudsman, imene Malamulo Aakulu anaikhazikitsa kuti izimva anthu olakwiridwa ndi maofesi a Boma popanda kulipira kanthu. Mu 2016 mayi Martha Chizuma, amene anali pa mpandowo, anatulutsa lipoti lolamula Alembi Aakulu a Maunduna a Zachuma ndi Zamalimidwe kuti apepese kwa Amalawi. Akuluakuluwo anathamangira ku khothi, koma mu 2019 Khothi Lalikulu la Apilo linagwirizana ndi Ombudsman. Kupepesa sikulima munda, n'zoona. Komabe m'mbiri ya dziko lino sichinali chachilendo pang'ono kuona bwana wa pa Capital Hill akukakamizidwa kugwada pamaso pa mlimi.

Mu 2021 kafukufuku wa K6.2 biliyoni za matenda a Covid-19 anaonetsanso ndalama zambiri zitathera m'maalawansi, ndipo Nduna imodzi inachotsedwa. Milandu itatuyi inachitika pansi pa atsogoleri osiyanasiyana. Nthendayi sisankha mtundu wa nsalu imene munthu wavala, ndipo chipani cholamula chimene chingadziyese chosagwidwa nacho ndicho chimayamba kudwala.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene Auditor General sangathe kuchita ali ku Lilongwe. Iye amaona pepala. Pepala likati pa mudzi wakutiwakuti pakumbidwa mjigo, lili ndi siginecha, chidindo ndi lisiti, m'buku mwake mjigowo ulipo. Amene amadziwa ngati ulipodi ndi mayi amene akutungabe madzi ku dambo. Pepala likati pa sukulu pafika matumba 200 a simenti, amene anawawerenga potsitsa m'lole ndi a komiti ya sukulu. N'chifukwa chake lamulo la maboma aang'ono la mu 1998 linabweretsa mphamvu ku makhonsolo, kuti zofuna za anthu zizikwera kuchokera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, kudzera ku ADC ya kwa mfumu yaikulu, mpaka ku khonsolo kumene kuli makhansala. Dongosololi linayenda mopunduka: makhansala osankhidwa mu 2000 atatha nthawi yawo mu 2005, dziko linakhala opanda makhansala mpaka 2014, zaka 9 zathunthu Bwanamkubwa alibe osankhidwa a m'mawodi omufunsa. Lero alipo, ndipo khansala amene sanaitanitsepo msonkhano wofotokoza ndalama zimene zabwera m'wodi yake ayenera kufunsidwa chifukwa chake, ngakhale atakhala wa Chipani chino.

Kuyambira pa 30 Sepitembala 2020 lamulo lopereka ufulu wopeza uthenga ku maofesi a Boma likugwira ntchito. Komiti ya m'mudzi ingathe kulembera khonsolo ya Mchinji kufunsa kuti mlatho wakuti unapatsidwa ndalama zingati, kontirakitala wake ndani, ndipo walipidwa kale zingati. Ofesi iyenera kuyankha, ndipo ikakana popanda chifukwa, nkhani imapita ku bungwe la Malawi Human Rights Commission. Pamene wantchito wapempha chiphuphu, khomo lake ndi la Anti-Corruption Bureau, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1995. Pamene ofesi yazengereza, yakondera kapena yachotsa munthu ntchito mosatsata njira, khomo lake ndi la Ombudsman.

Dandaulo lolongosoka limatchula tsiku, malo, ofesi ndi chimene chinachitika, ndipo wolemba amasunga kalata ina yofanana nayo. Mayi wamasiye wosadziwa kulemba apite kwa mlembi wa nthambi ya Chipani, amulembere, amuwerengere mokweza asanadindepo chala, ndi kumuperekeza ku boma ngati mpofunika. Mlembiyo asayambe wamufunsa kuti voti yake inapita kwa yani.